Mkazi Amene Anakaniza Mwamuna Wake Pasiwedi

Ku ofesi ya magazini ina ankamutcha Loko, koma osati pamaso pake. Anayamba ngati wotayipa, pa desiki yapakona moyandikana ndi chimbudzi, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala. Mwamuna wake anali mtolankhani wamkulu komweko, munthu wa mawu okwera. Ndi amene anamupezera ntchitoyo, ndipo ankamukumbutsa pafupipafupi.

Nthawi imeneyo webusayiti ya magaziniyo inali ndi pasiwedi imodzi, yodziwika kwa aliyense mpaka wokolopa. Wina akapsa mtima ankafufuta nkhani ya mnzake, bwana akafunsa onse n'kumayang'ana kudenga. Bwanayo atatopa anauza Loko, yemwe ankaphunzira za makompyuta Loweruka lililonse, kuti akonze zinthu.

Loko anapatsa aliyense akaunti yakeyake, kenako anagawa maudindo. Olemba ankangolemba n'kusunga, kutulutsa nkhani kuti anthu aiwerenge kunakhala ntchito ya mkonzi. Ojambula ankangoika zithunzi. Mphamvu yotsegula ndi kutseka maakaunti inatsala ndi iye yekha, ndipo sankanyengerera munthu. Woiwala pasiwedi ankaima pa desiki pake ngati mwana wochedwa kusukulu, iye akupitiriza kutayipa. Pa nkhomaliro anzake anasiya kumusungira mpando.

Loko anaika mwamuna wake m'gulu la olemba.

"Batani lotulutsira nkhani lapita kuti?" anafunsa mwamunayo, ofesi yonse ikumva.

"Lili kwa a mkonzi."

"Ineyo ndizidikira kamnyamata kabwera dzana kaja?"

"Ndinu wolemba, bambo a mwana. Lembani."

Mkangano unawatsatira kunyumba. Mwamuna ankati mkazi wobisa pasiwedi amabisanso zina. Loko ankangotola mbale n'kupita nazo kukhitchini, kumene ankazitsuka mozimenyanitsa. Mwana wawo wamkazi anazolowera kudyera kuchipinda.

Lamlungu lina masana Loko anasiya laputopu yotsegula pa tebulo, akusambitsa mwanayo. Mwamuna anakhala pansi n'kutulutsa nkhani yomwe mkonzi anali ataikana, yonena kuti kontilakitala wina anaba simenti ya sukulu. Umboni panalibe. M'mawa mwake loya wa kontilakitalayo anaimba foni, ndipo bwana anaitana Loko ndi mkonzi. Mwamunayo analowa osaitanidwa n'kuyedzamira khoma.

"Pa kompyuta pakuoneka dzina lanu, mayi," anatero bwana. "Munatulutsa ndinu?"

Loko anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anamwetulira pang'ono, ngati akudziwa kale yankho.

"Akaunti ndi yanga, bwana, ndipo ndinaisiya yotsegula. Koma anadina ndi bambo awa."

"Iwe, ndine mwamuna wako."

"Kunyumba."

Mwamunayo anachotsedwa ntchito sabata yomweyo. Loko anapatsidwa chenjezo, ndipo ndi iye yemwe anatseka akaunti ya mwamuna wake, anzake akumuyang'ana cham'mbali. Wojambula wina ananena mokweza kuti munthu wogulitsa mwamuna wake sangalephere kugulitsa ofesi yonse. Loko sanatembenuke n'komwe.

Mwamuna sanabwererenso kunyumba. Amene anabwera ndi apongozi ake, mayi a mwamunayo, ndi chikwama chachikulu chodzatengera zovala. Anakana mpando, anakana madzi.

"Mwana wanga anakutola ulibe kanthu," anatero akupinda malaya. "Bodza limodzi lokha likanakupha?"

"Akanachotsedwa ndine, amayi. Mdzukulu wanuyu akanadya chiyani?"

"Akanadya kwa bambo ake."

"Bambo ake anaona dzina langa pa kompyutapo, n'kudinabe."

Apongoziwo anatseka zipi mwamphamvu mpaka inaduka, ndipo anatuluka atakumbatira chikwama chotsegula.

Loko akugwirabe ntchito komweko. Anawonjezera lamulo loti aliyense polowa azilembanso nambala yobwera pa foni yake, ndiponso kuti akaunti izidzitseka yokha munthu akachoka pa mpando. Madandaulo anachuluka, iye sanasinthe kanthu. Mwana wake amapita kwa bambo ake kumapeto kwa mwezi, ndipo akabwerako amatha masiku akuyankha mayi ake ndi mutu wokha. Loko amamusitira yunifolomu, n'kumuperekeza mpaka pa geti ya sukulu.