Kanema wa mng'ono wawo

Ndinayamba ntchito yosamala mayi ena okalamba mwana wanga ali ndi zaka zitatu. Ankakhala kuno kunja, ku Falls Church, kwa mwana wawo wamwamuna, miyendo itawakana. Ndinkawasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi kuwakankha pa njinga yawo ya olumala. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, choncho tinkamvana bwino. Ndikasowa womusiyira mwana, ankati ndibwere naye.

Anathawa kwawo kalekale, dziko la ku Asia kumene wailesi zimagwira siteshoni ya boma yokha. Kumeneko anasiyako mng'ono wawo. Anthu akumeneko amauzidwa kuti aliyense wothawa amakafa ndi njala m'misewu ya eni. Chimene chinkawadya mumtima mayi aja n'chakuti mng'ono wawoyo angamwalire akuwalira ngati wopemphapempha. Ndinawamvetsa. Bambo anga ankatiuza kuti nthawi ya chipani chimodzi ankamvera wailesi yakunja atadzifunditsa bulangete.

Tsiku lina anandionetsa kamemore khadi kakang'ono ngati chikhadabo. Anati anthu akutchalitchi kwawo amaikamo nkhani ndi makanema akunja, ndipo amalonda amalowetsa timakhadito m'dzikomo atatisokera m'zovala. Iwonso ankafuna kutumiza kawo. Koma nkhope yawo sinkayenera kuoneka, chifukwa kakanagwidwa, mng'ono wawo akanaona zakuda.

"Muonekemo iwe ndi mwana wako," anatero. "Ukajambule mmene timakhalira kuno."

Ine ndine wamanyazi, ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Koma zojambula zotumiza kumudzi ndinkazidziwa. Kwathu sutumiza chithunzi utavala za kuntchito. Loweruka ndinamuveka mwana diresi lake loyera, ine n'kubwereka jekete la alamu anga. Tinachoka ku Manassas, kumene timakhala, mpaka mumsewu umene muli nyumba za akazembe a mayiko. Ndinajambula mbendera, maluwa, ndi mwana ataima pafupi ndi galimoto yakuda yonyezimira, dalaivala wake akutiyang'ana cham'mbali.

Lolemba mayi aja anaonera kanemayo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Boma lakwathu limajambula zomwezi, ndipo limakuposa. Maluwa, mbendera, mwana wopanda kadontho. Mng'ono wanga adzati mwanayu munachita kubwereka."

"Amayi, diresi limeneli ndinasita kawiri."

"N'chifukwa chake!"

Zinandiwawa, sindinama. Ndinawasambitsa nditakwinya nkhope. Iwo ankangondiponyera timadzi kumaso mpaka ndinaseka.

M'mawa mwake anati ndiwakankhe tipite kusitolo ya zakudya ku Seven Corners, ine ndili mu yunifolomu, mwana ali ndi phala pachifuwa. Foni anaigwira okha. Chala chawo chachikulu chinali ndi chipsera cha moto cha paubwana, ndipo ankachiika dala pakona pa chithunzi kuti mng'ono wawo adzachizindikire.

Titafika pa maswiti, mwana wanga anatenga paketi. Ndinamulanda. Anakuwa "No!" n'kudzigwetsa pansi, miyendo m'mwamba, nsapato imodzi kuuluka.

"Dzuka iwe, ukundichititsa manyazi!" ndinanong'ona. "Amayi, zimitsani foniyo, chonde."

"Ayi. Apa ndiye tayamba."

Ndinkafuna nthaka itandimeza. Iwo ankangotembenuza foni pang'onopang'ono. Kumbuyo kwathu bambo wina ankakalipira mkulu wa sitolo chifukwa cha nsomba yonunkha, mawu pamwamba, osaopa. Wapolisi anali pamzere ndi buledi wake, akudikira ngati wina aliyense, ndipo sanacheuke n'komwe. Kenako mayi aja anatambasula dzanja lachipsera lija pa mashelefu a mpunga. Ananyamula thumba limodzi, analitembenuza, analibweza, n'kutenga lina.

"Wanjala sasankha mpunga," anandiuza. "Mng'ono wanga adzamvetsa."

Kakhadiko kanapita. Chisanu chinabwera n'kutha, osamva kanthu. Mayi aja anasiya kuitchula nkhaniyo, nanenso sindinkafunsa. Koma foni ya m'nyumba ikalira, ndinkaona dzanja lawo likugwira chitsulo cha njinga.

Tsiku lina nditangolowa, ndisanavule nsapato, anandiitana mokuwa ngati ndalakwa. Wamalonda wina wa kumalire anali atayimbira mwana wawo, mwachidule, chifukwa mafoni otere aboma akumeneko amawasaka. Anabweretsa mawu a mng'ono wawo.

"Chala anachiona," anatero, maso atafiira. "Ndiye wafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, akuti ndinayamba liti matama obweza mpunga wabwinobwino ngati uja."

Anaseka, misozi ikutsikira m'makwinya. Ndinawapukuta ndi thaulo, nanenso m'maso muli mbuu.

"Nanga chachiwiri, Amayi?"

"Akuti kamwana kolusa kaja, mayi wake anakagulira maswiti aja kapena ayi?"

Mwana wanga anali pansi akusewera ndi mabuleki a njinga, osadziwa kuti kutsidya kwa nyanja kuli mayi wina amene anamuonera mobisa, makatani atatseka, n'kumudera nkhawa.

"Sindinamugulire," ndinayankha.

"Ndinadziwa. Ndiwe wouma mtima." Analoza chipewa chawo pakhoma. "Ndiveke. Tikagule lero lomwe, kuti wamalonda uja akadzayimbanso ndisadzamunamize mng'ono wanga."