Msomali wa m'thumba la ovolosi

Ntchito yokonza eyakoni, makina oziziritsa m'galimoto, ndinaiphunzira kwa amalume pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, chakufupi ndi pa Malosa. Chida chawo chachikulu chinali msomali. Galimoto ikabwera yosazizira, ankabaya kavalavu kotsekera gasi ndi msomaliwo, gasi n'kulira kuti psii, iwo atapendeketsa mutu kumvetsera ngati watsala wambiri. Akafuna kumasula paipi, gasi yense ankangomutayira m'mwamba. Nane ndinatengera zomwezo, ndipo kwa zaka zambirimbiri msomali wanga sunkachoka m'thumba la ovolosi.

Tsiku lina kampani ina ya ku Zomba, imene magalimoto ake ndiwo ankatidyetsa pakhomo, inandiuza kuti popanda satifiketi ndisadzakhudzenso galimoto yawo. Ati lamulo sililola munthu wosaphunzira kugwira gasi ameneyu, chifukwa akathawira mumlengalenga amawononga. Ndinapsa mtima kwabasi. Ine ndi imvi zangazi ndikakhale pa benchi, kuphunzitsidwa ntchito yanga yomwe? Mayi akunyumba anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anangofunsa kuti, "Ndiye tizidya imvizo, abambo?"

Ndinapita ku Blantyre kukaphunzira, ndikung'ung'udza njira yonse. Kumeneko anatiphunzitsa kuyeza gasi ndi mageji, ndi kumukoka ndi makina kuti alowe m'silinda osataya ngakhale pang'ono. Mphunzitsi wathu anali mayi wosaseka ndi ntchito. Ankati, "Amene ndidzamve psii kwa iye tsiku la mayeso, adzangonyamula chikwama chake."

Mayeso olemba ndinawaopa kwambiri, koma anayenda bwino. A manja sindinawadere nkhawa n'komwe. M'mawa umenewo ndinatsegula boneti monyada, woyesa ataima pambali ndi pepala lake. Ndinachotsa kachivundikiro ka valavu, ndipo dzanja langa linalowa lokha m'thumba. Paja madzi saiwala khwawa. M'thumba munalibe kanthu. Ndinapisa m'thumba lina, namonso mbee.

"Mwataya chiyani, bambo?" anafunsa woyesa uja.

Apo m'pamene mutu unabwerera. Ndinazindikira chimene ndinkafufuza. Ukanapezeka msomaliwo ndikanabaya valavu pamaso pake, kampani ija n'kundithawa mpaka kalekale.

"Palibe, bwana," ndinayankha. Ndinatenga mageji n'kulumikiza, n'kuyatsa makina okokera gasi. Gasi yense analowa m'silinda mwakachetechete, ndipo ndinakhoza.

Pobwerera m'minibasi ndinkangoseka ndekha, mtima uli m'malo, mpaka amene ndinakhala nawo mpando anasuntha pang'ono. Nditafika kwathu kwa Malemia, ndisanavule ndi nsapato zomwe, ndinafunsa mayi akunyumba za msomali wanga.

"Chitsulo chija? Chinandibaya chala pochapa ovolosi yanu. Ndinafuna kuchiponya mumtsinje wa Domasi, koma ndinangochikhoma pakhoma kuti ndizikolekapo kalendala."

Anandionetsa chalacho, kabala katapola kale. Ndinachigwira ndi manja awiri ndi kuthokoza, iwo akudabwa kuti mwamuna wawo wagwidwa ndi chiyani.

Satifiketi itabwera ndinaiika m'galasi, kalendala tinaisamutsira kwina. Magalimoto a kampani ija anabwerera. Satifiketiyo ili pabalaza mpaka lero, yokolekedwa pa msomali womwe uja.