Telala Amene Anakana Kukwera Nakalanje

A Rowland Mkwanda anali telala, ndipo ku Malindi kunalibe mwana wa sukulu ya mishoni amene sanavalepo kabudula wosoka iwo. Anasoka zaka makumi awiri pakhonde la sitolo ya mmwenye wina, a Manilal. Anali munthu wa tchalitchi, woimba besi mu kwaya, wosadziwa kukangana ngakhale ndi nkhuku. N'chifukwa chake zimene anawachita zimawawa mpaka lero.

Kuseri kwa mudzi wawo kuli phiri la Nakalanje, phiri losakwera. Akuti pamwamba pake pamakhala mizimu ya makolo amene anayamba kuswa mphanje kumeneko. Mvula ikachedwa, anthu amalizungulira m'munsi, kuthira ufa wa mapira pamiyala inayi, n'kubwerera osacheuka. Kutsogolera ulendowo unali udindo wa banja la a Rowland, ndipo iwo ankachita nawo manyazi poti abusa ankati n'zachikunja.

Manyaziwo anathera m'sitolo. Pamwamba pa mashelefu a nsalu a Manilal anapachika chithunzi cha phiri loyera mbee, chimene ankachifukizira lubani m'mawa uliwonse. Tsiku lina a Rowland anawafunsa ngati anakwerapo phirilo.

"Kukwera?" anatero a Manilal, atagwira pakamwa. "Limeneli ndi Kailash. Pamwamba pamakhala mulungu wathu, Shiva. Ife timangolizungulira, masiku atatu wapansi. A chipembedzo cha Chibuda nawonso amalizungulira, ali ndi nkhani zawozawo. Koma phazi la munthu pamwamba, ayi."

A Rowland anaimitsa makina, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Kani si ife tokha," anatero. Kuyambira chaka chimenecho ankatsogolera ulendo wa ufa mutu uli m'mwamba, Lamulungu n'kukaimba besi yawo monga mwa masiku onse.

Litafika lamulo loti amwenye achoke kumidzi, a Manilal anakweza katundu pa lole ya ku Limbe. Makina osokera ndi chithunzi chija anasiyira a Rowland. Makinawo ndiwo anali munda wawo, ndiwonso anali ngalawa yawo, pakuti m'chiuno munawavuta kuyambira ali mnyamata, khasu ndi nkhafi sankazitha.

Kenaka kunabwera a Simioni, tcheyamani wa nthambi ya chipani. A Simioni amenewa ankakhala benchi imodzi ndi a Rowland mu kwaya, koma udindo unawalowa m'mutu ngati kachasu wa m'mawa. Anamva kuti akuluakulu a chipani abwera pa boti kuchokera ku boma, ndiye anafuna mbendera yaikulu yoti idzaonekere kunyanja. A Rowland anaisoka masiku awiri osalandira kanthu, osadandaula.

"Mawa mukaizike pamwamba pa Nakalanje," anatero a Simioni. "Njira mumaidziwa ndinu."

"Njira imene ndimaidziwa ine ndi yozungulira, achimwene."

"Ndinu wotsutsa boma kodi?"

"Khadi langa la chipani ndi ili. Mbendera ndasoka ndine. Koma pamwamba paja sitiponda."

"Mkhristu wotani woopa miyala?"

"Sindiopa. Ndimalemekeza."

Akazi awo, a Enid, anawadandaulira misozi ili mbwee. "Ingokwerani, bambo. Mizimu idzamvetsa, koma awa samvetsa." Ankanena zoona. M'mawa mwake a Rowland ananyamula mbendera paphewa, anyamata a yufi ya chipani asanu ali pambuyo. Anayenda motsimphina m'munsi mwa phiri, kudutsa miyala inayi ija, dzuwa lili paliwombo n'kufika pomwe anayambira. Anaipinda bwinobwino mbenderayo n'kuipereka kwa a Simioni ndi manja awiri.

Madzulo omwewo ayufi analanda makina aja n'kuwanyamula pamutu, mudzi wonse ukuonerera, palibe anatsokomola. Anthu omwe aja amene ankawatsata ndi ufa mvula ikavuta! Ayufi anakwera phirilo okha, kudula mtengo wa pansonga, n'kuzika mbendera. Ndipo akuluakulu aja sanabwere n'komwe, akuti boti linasowa mafuta.

A Rowland anayamba kusoka ndi manja, zigamba za asodzi ndi matanga a ngalawa ong'ambika. Makolo a ana a sukulu anasiya kubwera, kuopa kuonedwa pakhomo pa munthu wokhala ndi dzina loipa. Maso anayamba kuchita chifunga.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, mwera utaing'amba mbendera ija n'kukhala nsanza, a Simioni anatulukira ndi wilibala. Munali makina aja, dzimbiri lili psuu, zitosi za nkhuku pathebulo lake. A Simioniwo analibe ndi manyazi omwe.

"Takubwezerani," anatero. "Musoke ina, koma ulendo uno mukaizike nokha."

A Rowland anagwira gudumu la makinawo. Linakana kuzungulira. Anadziwa kuti mafuta pang'ono ndi sabata imodzi akanaliwongola, ndipo a Enid, amene anaima pakhomo, anadziwanso. A Rowland anapukuta zitosi zija ndi nsonga ya malaya awo, pang'onopang'ono, mpaka thebulo linayera.

"Bwererani nawo," anatero. "Koma muziwafunditsa, amadana ndi chinyezi."

Wilibala italira kutuluka pabwalo, a Rowland anakhala pansi n'kutola thanga limene ankasoka. Ulusi unalowa pa singano atayesa kachisanu.