Majini a Achemwali

Achemwali anga ndi telala. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo polowa umayamba wawerama chifukwa madiresi a eni ake amalendewera pa chingwe chodutsa pakhomo penipeni. Muli makina awiri, amagetsi ndi opalasa ndi mwendo, odikira nthawi imene magetsi athawa. Pakati pa makinawo pali mpando wa malamba, ndipo pampandopo pamakhala Abwana.

Abwana ndi mwana wawo woyamba, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, alamu anga okonza mafiriji, poti m'nyumba monse palibe wolamula ngati iye, chonsecho salankhula. Akafuna madzi amayang'ana kapu, kenako n'kuyang'ana iwe, ndipo ukachedwa amakuyang'ananso mokuchititsa manyazi. Anabadwa bwinobwino. Anakhala pansi, anakwawa, anayamba kunena "mama" ndi "tiye". Chaka chachiwiri chisanathe mawuwo anayamba kuthothoka limodzilimodzi, manja n'kusiya kugwira zinthu, n'kumangofinyana pachifuwa ngati akuchapa kansalu kosaoneka.

Nthawi imeneyo ine ndinali kunja, kusukulu. Nditamaliza digiri yanga yomaliza ndinalowa m'gulu lofufuza matenda omwewa, amene ndi osowa moti madokotala ambiri amapuma pantchito asanawaonepo. Timatenga kachilombo, n'kuchotsamo zonse zodwalitsa, n'kuikamo jini yabwino kuti kakaitule mu ubongo m'malo mwa yolakwikayo. Pakadali pano timayesa pa mbewa. Kwathu amanditcha Dokotala wa Mbewa.

Tsiku limene adokotala a ana anauza banja kuti vuto la Abwana lili m'majini, apongozi awo a achemwali analipo. Adokotala ankanena tinthu tam'thupi timene mwana amatengera kwa makolo. Apongozi anamva majini enawo, olowa anthu n'kuwasokoneza mutu. Atamvanso kuti mlongo wa mpongozi wawo ali kunja, amaweta mbewa zoyera m'mabokosi ndipo ntchito yake ndi ya majini, mlandu unathera pomwepo: zinthuzi n'zakumtundu kwathu. Alamu anayesa kufotokoza, koma anauzidwa kuti asaphunzitse mayi awo chilankhulo chimene anawaphunzitsa ndi iwowo.

Achemwali ankadziwa kusiyana kwa majini awiriwa, koma ankati sizithandiza kanthu, chifukwa a adokotala ndi a apongozi omwe ankaloza chala munthu mmodzi, iwowo. Amayi athu anali ndi mlongo wawo amene anamwalira ali wamng'ono asanalankhulepo. Palibe amene ankadziwa chimene chinkamuvuta, koma achemwali anali atalumikiza kale nkhani ziwirizo mumtima mwawo.

Nditabwerako ndinapeza achemwali ali oyembekezera, mimba itakula kale, ndipo sanandiuze pafoni. Ndinabwera ndi maganizo okhala miyezi ingapo, kuona ngati ntchito yanga ingatheke kuno, moti sutikesi sindinaimasule yonse. Masana ndinkakhala m'shopumo, foni ili m'manja, kudikira anzanga akunja anditumizire mavidiyo a mbewa zikuyenda pa kamtengo kopingasa. Achemwali ankati ndikuwatchingira kuwala, komanso kuti munthu wamkulu sagwedeza mwendo chonchi ngati akupalasa makina a mphepo.

Pashelefu yapamwamba panali nsalu yofewa yachikasu, yopindidwa bwino, itayamba kugwira fumbi m'mphepete. Alamu anaigula atangomva za mimbayo. Achemwali amasokera makanda a anthu ena timalaya ndi tizipewa sabata iliyonse, koma nsalu imeneyi sanaikhudze. Nditafunsa anati sizasi yabuntha. Ananena izi akudula suti ya munthu ndi sizasi yomweyo.

Ndinawauza kuti pali njira yodziwira. Achipatala angatenge malovu a Abwana, a iwo ndi a alamu, n'kuwatumiza kokayeza, kuti aone ngati cholakwikacho chilinso mwa makolo. Alamu anavomera msanga, anati ngati ndi malovu okha angapereke ndowa yodzaza. Achemwali anakana. Anati panopa akungokayikira, ndipo wokayikira amapezako tulo, koma akauzidwa kuti ndi iwodi, mwana ali m'mimbayu adzamuyang'ana ndi maso ati? Ine ndinayamba kufotokoza za kuchuluka kwa mwayi monga timachitira kuntchito, iwo n'kuyatsa makina amagetsi kuti ndisamveke.

Anasintha okha maganizo m'mawa wina akumangirira Abwana pampando. Osandiyang'ana anati, "Iwe Dokotala wa Mbewa, kauze anzakowo abwere ndi timabotolo tawo. Ndatopa kulankhula ndi mimbayi ngati munthu amene ndamulakwira."

Zotsatira zinachedwa. Ine ndinkaimba foni kuchipatala mpaka mlembi wa kumeneko anayamba kundizindikira mawu, n'kumandiyankha ndisanapereke moni kuti sizinafike, bambo. Achemwali sanafunsepo ngakhale kamodzi. Ankangosoka, mapini ali pakamwa.

Tsiku lake tinapita tonse, ndi apongozi omwe, amene anati akufuna adzimvere okha. Kachipinda ka adokotala kanali ndi mipando itatu, ndiye ine ndi alamu tinaima chotsamira khoma, pafupi ndi sikelo yoyezera makanda. Apongozi anakhala chikwama chili pamiyendo. Adokotala, mayi wolankhula mosathamanga, anati cholakwikacho achipeza mwa Abwana, chilembo chimodzi chokha m'jini imodzi. Mwa mayi ake mulibe. Mwa bambo ake mulibenso. Chinayambira pa mwanayo, ndipo palibe chimene wina anachita kapena kulephera kuchita. Za amene akubwerayu, anati sangalumbire, koma mwayi woti zibwerezenso ndi wochepa kwambiri.

Achemwali anatembenukira kwa ine. "Ndiye anachitenga kuti?"

Maso anga anagwera pa mpendero wa diresi lawo, ndipo ndinati zili ngati kusoka: nsalu ili bwino, ulusi uli bwino, telala ndi katswiri, koma pa mzere wautali makina amadumpha kamodzi.

"Makina anga sadumpha," anatero achemwali.

"Nanga buluku langa lija linandisiya panja pokwera makwerero?" anafunsa alamu.

"Munanenepa ndinu."

Achemwali anayamba kuseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira ali chigwirire mimba ndi manja onse awiri. Alamu anawagwira paphewa, akuyang'ana kudenga ngati kuli firiji yofuna kukonza. Abwana ankatiyang'ana mmodzimmodzi, kudabwa kuti antchito ake atani lero.

Apongozi anadikira phokoso lithe, n'kufunsa adokotala mwaulemu kuti tsono majiniwo ndi a ndani, popeza onse akuwakana.

"Aliyense ali nawo, mayi," anatero adokotala. "Inunso muli nawo ambirimbiri."

Apongozi anakumbatira chikwama chawo. Alamu anatuluka panja msangamsanga, ndipo tinkawamva akutsokomola m'khonde monse pobisa kuseka. Potuluka, apongozi anakankha okha njinga ya olumala imene amayendera Abwana, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, uku akung'ung'udza kuti madokotala a masiku ano alibe mwambo.

Tili m'njira achemwali anandifunsa za mbewa zija, ngati mankhwala athu adzamupeze Abwana. Ndinawauza zoona: mbewa zimene talandiritsa jini yabwino zikuyenda bwinoko ndipo zikupuma bwino, koma kuchoka pa mbewa kufika pa mwana ndi ulendo wa zaka, ndipo sindingalonjeze kuti udzatha Abwana akadali wamng'ono, kapenanso kuti mawu ake adzabwerera. Ndinkaopa kuti ndawononga tsiku. Iwo anangogwedeza mutu, n'kunena kuti mwana wawo amudziwa mmene alili, ndipo sakumudikirira kuti asanduke wina. Anawonjeza kuti ndiziwauza anzangawo azizidyetsa bwino mbewazo, zisamagwire ntchito ndi njala.

Titafika kushopu magetsi anali atathawa. Achemwali anamangirira Abwana pampando wake, anasuntha suti ya munthu imene inali patebulo, n'kundiuza kuti popeza ndine wamtali wopanda ntchito, nditsitse nsalu ija. Anaikung'untha fumbi pakhomo, anaiyala, anajambula ndi choko kamalaya kakang'ono ngati chikhatho changa, osayeza n'komwe. Kenako anatenga mabatani awiri, loyera ndi lobiriwira, n'kuwaonetsa Abwana.

"Bwana, mng'ono wanu avale liti?"

Abwana anayang'ana lobiriwira, n'kuyang'ana mayi ake, n'kuyang'ananso lobiriwira.

"Tamva," anatero achemwali. Anatola sizasi yobuntha ija, ndipo inalowa m'nsalumo ngati m'madzi.