Foni ya mayi Fatsileni

Ntchito yokonza mafoni sindinaifunsire, inandipeza ndikukangana mtengo. Nthawi imeneyo ndinkagulitsa machaja ndi makava m'khonde la sitolo ina ku Limbe, katundu yense ali pakatoni kuti akhonsolo akatulukira ndingonyamula n'kuliyatsa liwiro. Tsiku lina panaima bambo wa magalasi okhuthala, akufuna kebulo. Ndinatchula mtengo, iye anaudula pakati. Ndinati mayi anga akudwala, iye anati akenso akudwala. Tinakokana mpaka mthunzi unatisiya, ndipo anachoka ndi makebulo awiri pomwe ankafuna imodzi. Atayenda pang'ono anatembenuka n'kunena kuti, "Pakamwa pakopa ukupawononga ndi katoni. Mawa ubwere kubenchi kwanga."

Amenewo anali a Zuze, a ku Chinyonga. Agogo awo anachokera ku Mozambique, ndipo Chipwitikizi chochepa chomwe anatsala nacho ankachisungira kutukwana mafoni okana kuyaka. Benchi yawo inali m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu. Anandilemba kuti ndizilankhula ndi makasitomala, poti iwo munthu akangoti "mwadulitsa" ankapsa mtima n'kumubwezera foni yake. Koma benchi inali yaing'ono, moti manja anga anaphunzira ntchito mwini wake ndisakudziwa.

Foni yogwera m'chidebe umayamba wachotsa batire, kenako n'kutsuka bolodi ya m'kati mwake ndi burashi ya mano yoviika mu sipiriti, n'kuiumitsa. Yosweka sikirini umaitenthetsa m'mbali ndi bulowa ya mpweya wotentha kuti guluu afewe, umalowetsa kapulasitiki kopyapyala n'kumakanula pang'onopang'ono, kenako umamasula riboni, kachingwe kolumikiza sikirini ku bolodi, ndi chopanira. Ukafulumira riboni imaduka, ndipo a Zuze ankayamba Chipwitikizi chija. Tinali ndi mita yoyezera batire, ayironi yowotcherera, ndi laputopu yakale yofulashira mafoni, ndiye kuti kuwaikanso mapulogalamu, yomwe inkayaka ukaipempha mwaulemu.

Panalinso mwambo wa tepi. Sikirini yatsopano sungaiyese foni ili yokiya, choncho kasitomala ankatiuza pasiwedi, kapena kutijambulira patani yake. Tinkamata tepi yoyera kumbuyo kwa foni n'kulembapo dzina, pasiwediyo, ndi nambala ya mbale wake yoti tiimbe tikamaliza. Mabenchi onse a mu Limbe ankatero. Foni zinkagona mu dirowa iliyonse itabereka kiyi wake kumsana. Pa wailesi ankakamba za malamulo oteteza zinsinsi za anthu pa intaneti, akatswiri akutsutsana za akuba a kunja kwa dziko, pomwe ife moyo wonse wa munthu tinali titauteteza ndi tepi ndi bolopeni.

Mayi Fatsileni anabwera m'mawa wina akupita kuntchito. Anali a ku Nsanje, ankalongedza katundu pa fakitale ina ku Makata. Foni yawo inali yosweka moti munthu woti wakhala pabenchi ankadziwa kuti sinagwe yokha, inaponyedwa kukhoma. Sanakangane nane mtengo, zomwe zinandikhumudwitsa pang'ono, chifukwa ndinali nditakonzeka. Atajambula patani patepi anatsitsa mawu.

"Achimwene, foniyi asaigwire wina aliyense, ngakhale anene kuti ndi amuna anga. Muli mawu omwe amanditumizira usiku akaledzera, ondiopseza. Loweruka tikukumana ndi ankhoswe. Akawafufuta ndikhala wabodza."

Ndinati asadandaule. Ndinkatero kwa aliyense.

Sikirini ndinaisintha mawa lake m'mawa, ndinatsegula foni ndi patani ija, ndinayesa ngati chala chikugwira m'ngodya zonse, ndinaitseka. Masana dzuwa lili paliwombo kunalowa anthu awiri. Wina anali wamtali, wa yunifolomu ya ulonda. Mnzake anali wachikulire wa jekete ndi ambulera. Wamtaliyo anati ndi mwamuna wa mayi Fatsileni, anaona risiti yathu m'chikwama cha mkazi wake, ndipo wabwera kudzatenga foni.

"Abwere okha," ndinatero.

"Ndinagula ndine foni imeneyo."

"Anasiya ndi iwo."

Apa wachikulire uja anatsokomola, n'kulankhula mofatsa ngati ali pa guwa. "Mwana wanga, ine ndi nkhoswe ya banja limeneli, mbali ya kuchimuna. Pali mlandu. Tikuganiza kuti mufonimo muli mauthenga a amuna ena. Sitikuba ayi. Tsegula tione pompano, tikubwezera. Nkhoswe saibisira kanthu."

Mawu amenewo ndi olemera, musawapeputse. Kwathu nkhoswe ikalankhula, anthu a ndevu amakhala pansi. A Zuze anavula magalasi, anayang'ana ambulera ija, anayang'ana yunifolomu, n'kunena kuti, "Apatse. Za m'banja si zathu." Mwamunayo anali atasuzumira kale mu dirowa, waiona foni, maso ali patepi.

Sindinganame kuti ndinaganiza mozama. Ndinangoitola foniyo, kumatula tepi, n'kuikanikiza pansonga ya ayironi yomwe inali yotentha. Inafuka utsi wonunkha n'kukwinyika.

A Zuze anandiloza ndi chala.

"Patani ili m'mutu mwake," a Zuze anatero. "Waitsegula m'mawa uno."

"Ilimodi," ndinavomera. "Koma mutuwu ndi wanga."

Mwamunayo anayamba njira ina. Anaseka, anandigwira paphewa, ananditcha mlamu. Anati tonse ndife amuna, tithandizane, ndingotchula ya fanta. Tsono apa m'pamene ndinadzidabwa. Ine amene ndinagulitsapo chaja chimodzi kwa anthu awiri, ine amene ndimatsitsa mtengo wa minibasi ndili kale m'kati, ndinatsegula pakamwa n'kupeza kuti mulibe mtengo. Lilime linafunafuna, chifukwa lili ndi chizolowezi chake, koma silinapeze kanthu.

"Mlamu," ndinati, "sikirini ndimagulitsa, batire ndimagulitsa, kava ndikhoza kukupatsani ya banyira. Zam'katimu si zanga, ndiye ndigulitsa bwanji? Ndipo inu bambo, ngati ndinu nkhoswe, Loweruka akatsegula okha pamaso panu ndi pamaso pa nkhoswe ya kuchikazi. Mlandu wanji woweruzidwa kuseri kwa sitolo ya nsalu, mwini wake ali kuntchito?"

Wachikulireyo anayang'ana mnzakeyo nthawi yaitali, ndipo ndikuganiza kuti m'pamene anayamba kudzifunsa chomwe anamuperekezera. Koma mwamunayo anatambasula dzanja kuti atsomphole foni. Ndinaiponya m'thumba la thalauza n'kubwerera kukhoma, ayironi idakali m'manja. Sindinamuloze nayo. Ndinangoiwala kuiika pansi, ndipo iye sanadziwe kuti ndaiwala.

Anatuluka akunena kuti abweranso ndi apolisi. Ndinati abwere nawo, ndi kalata yomwe.

Atapita, a Zuze anandikalipira m'zilankhulo zonse zomwe ankadziwa. Anati ndawaitanira adani pabenchi, ndanyoza wamkulu, ndawachititsa manyazi pamaso pa makasitomala. Ndinati chabwino, ndiwaimbire mayiwo adzatenge foni yawo anthu aja asanabwerere. M'pamene ndinakumbukira kuti nambala ya mchemwali wawo inali patepi yomwe ndinaotcha ija. Wochenjera wa mu Limbe.

"Ndikawapatsa ku Makata," ndinatero.

"Ukatuluka nayo foni imeneyo, usabwerenso."

Ndinaganiza za katoni ija ndi akhonsolo. Kenako ndinazimitsa ayironi, ndinaiika pamalo pake, n'kutuluka.

Dzina la fakitale sindinkalidziwa, moti ndinayenda geti ndi geti kufunsa alonda za mayi wa ku Nsanje wotchedwa Fatsileni, ndikuopa kuti mwina mlonda wotsatira akhala mwamuna uja. Ndinawapeza poweruka. Ndinawauza zonse. Anatsegula foniyo, anaika kukhutu, anamvetsera pang'ono, n'kuitseka.

"Alimo," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Inu mwamvera?"

"Ayi."

"Zikomo, achimwene."

Ndinawaonetsa mosinthira patani pomwepo pageti, ine nditayang'ana kumbali, ndi motumizira mawuwo kwa mchemwali wawo kuti akhale pawiri. Mmene mlandu unathera Loweruka sindikudziwa. Sindinafunse, sunali wanga.

Kwa a Zuze sindinabwererenso. Ndinabwerera pakatoni kwa nthawi ndithu, mpaka ndinagula bulowa yangayanga, yakale, nditamuliza wogulitsayo pamtengo. Lero ndili ndi benchi pafupi ndi depoti. Sindifunsa pasiwedi ya munthu. Ndikasintha sikirini, mwini wake amatsegula yekha, ndimayesa iye akuona, n'kumubwezera. Ena amadandaula kuti ndimawachedwetsa, amapita kwa anzanga a tepi. Apite.

Amabwerabe ofuna kuti ndiwatsegulire foni ya mkazi, ya mwamuna, ya wantchito, ya chibwenzi. Ena amabwera ndi misozi, ena ndi abusa, ena ndi nkhani yokoma moti ndimasirira luso lake. Ndimamvetsera yonse mpaka kumapeto, chifukwa nkhani yabwino ndimaikonda. Akamaliza ndimawakokera mpando n'kuwauza kuti akhale, aimbe foni, mwini wake abwere.