Chigoba Chofiira cha ku Machinjiri

Chinali chigoba cha chipolopolo, chofiira, cha mkuwa kunsi kwake. Ukachigunditsa pamlomo n'kuuziramo chinkalira ngati wezulo, ndipo fungo la wonga linkatsala pamilomo tsiku lonse. Ana a ku Machinjiri tinkalimbirana zigoba zimenezi, aphunzitsi n'kumatilanda tikaziliza m'kalasi. Ine ndinkayenda monyada, chifukwa mfuti yotulutsa zigobazo inali ya amalume.

Amalume anali munthu wotsata malamulo. Mfutiyo anaigulira anyani amene ankatsika m'phiri kudzathyola chimanga m'minda. Laisensi yake ndikadali nayo m'sutikesi momwe ndimasunga mapepala anga onse. Dzina lilipo, chidindo chilipo, palibe polakwika. Ndikutchula izi chifukwa posachedwapa, pamsonkhano wa zachitetezo m'dera lathu lino, mnyamata wina wa tayi anaimirira n'kunena kuti mbava zatikwana, boma lifewetse malamulo kuti khomo lililonse likhale ndi mfuti, bola ikhale ya mapepala. Anthu anawomba m'manja. Ine sindinawombe.

Chaka chimene ndikunenacho mvula inagwa bwino. Inali nyengo ya mondokwa, njira zonse matope ofiira, utsi wa chimanga chootcha paliponse. Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala bambo wina wokhoma zidebe ndi akazi awo amene ankakazinga zitumbuwa. Ndikamadutsa, mayiwo ankandipatsa chopserera, chotentha moti ndinkachisinthasintha m'manja.

Bamboyo ankamenya. Aliyense ankadziwa. Phokoso la nyundo likasiya n'kuyamba la mawu, amayi ankasiya chilichonse n'kukatsegula chitseko chathu. Pampanda waudzu pakati pa nyumba ziwirizi panali pobooka, ndipo mayi a zitumbuwa ankatulukira pamenepo akuthamanga, nthawi zina ndi patapata imodzi yokha. Amayi ankakhoma chitseko, bamboyo n'kutukwana panja mpaka kutopa. Mawa lake zitumbuwa zinkanunkhiranso. Sindikuti zinali bwino, zinali zonyansa. Koma mayiwo ankafika pakhomo pathu ali moyo, chifukwa chibakera chimafuna kuti munthu akuyandikire, ndipo mayiwo anali ndi liwiro.

Tsiku lina bamboyo anabwera kwa amalume chipewa chili m'manja. Anati anyani amumalizira munda, akupempha mfuti ya masiku ochepa. Kwathu kunalibe chosabwerekana. Khasu, wilibala, mchere, ngakhale jekete la ku ukwati. Kukaniza mnansi chinthu choti akuchiona chili pakhoma kunali kudziyesa mzungu.

Ndikukumbukira mawu a amayi bamboyo atatuluka. "Achimwene, mubwereketseni khasu, ngakhale njinga. Koma ichi ayi. Inu simumva zakuseriku?"

"Za m'nyumba mwa eni n'zina, za anyani n'zina," anatero amalume. "Ndimuyang'ana bwanji mawa pamsewu?"

Mnyamata wa tayi uja angandiuze kuti lamulo limaletsa kubwereketsa mfuti. Limaletsadi, ndinaliwerenga. Koma lamulo silikhala nafe mpanda umodzi, silibwera chipewa chili m'manja. Pepala limadziwa dzina la mwini mfuti. Silidziwa mlamu wake, mnansi wake, kapena mkwiyo umene ungadzuke m'nyumba yoyandikana.

Kunali masana, dzuwa litatuluka pambuyo pa mvula. Ndinali panjira yochokera kusukulu pamene ndinamva kulira kwa mfuti, pafupi kwambiri, osati kuphiri. Ndinathamanga mokondwa. Ndinaganiza kuti nyani wafika mpaka m'nyumba za anthu, ndipo ndinkafuna kumuona anzanga asanafike.

Ndinapeza amayi ambiri atazungulira pampanda paja, wina atayala chitenje pansi. Mafuta anali akupsa pamoto popanda wowayang'ana, utsi wake wakuda. Patapata imodzi inali mbali yathu ya mpanda. Chitseko chathu chinali chotsegula. Anandikankhira kumbuyo, ndipo pobwerera ndinaona chigoba m'matope pafupi ndi thandala la mbale, chatsopano, chofiira kuposa zonse zimene ndinakhalapo nazo. Ndinachitola.

Apolisi anatenga bamboyo, mfuti ndi amalume. Amalume anabwerako patapita masiku, atachepa thupi, ndipo sanapondenso kumunda. Chimanga chonse anadya anyani.

Madzulo a tsiku limene mfuti inaliralo ndinakhala pakhonde n'kuliza wezulo wanga watsopano. Amayi anatuluka m'nyumba ngati apsa ndi moto. Sanandimenye. Anandilanda chigobacho, n'kundigwira chibwano, n'kuyamba kunditsuka milomo ndi sopo wochapira mpaka inayabwa, misozi yawo ikugwera pamalaya anga a sukulu.

Ine ndinkalirira wezulo. Ndipo pakati pa kulirako ndinawafunsa kuti nanga nyani uja anagwera pati.