Jaji wa ku America Amene Anatenga Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene aphunzitsi athu a mbiri yakale ku Leicester anatipatsa ntchito yoti aliyense afotokoze moyo wa munthu mmodzi wa ku America. Ine ndinapatsidwa jaji wina wakalekale amene anasiya kuweruza milandu n'kukakhala phungu wa nyumba ya malamulo. Pachithunzi anali wa ndevu zambiri ndi maso aukali, ndipo sanandisangalatse ngakhale pang'ono.

Amene anasangalala naye anali bambo anga. Kwathu ku Malawi iwo anali majisitireti, kenaka anasiya ntchitoyo n'kupikisana pa chisankho cha uphungu, koma anagwa. Kuno ku Leicester ankanyamula makatoni kuweyahausi, nyumba yosungiramo katundu, pamene mayi anali namwino kuchipatala. Tsiku limenelo anangofika kunyumba kwathu ku Braunstone, jekete yonyowa ndi mvula ikadali m'thupi, n'kukhala pambali panga. Anawerenga zonse, mpaka zimene aphunzitsi sanafunse. Atafika poti jajiyo anagwa pa chisankho choyamba n'kupambana chachiwiri, anabwereza kuwerenga mzere umenewo.

Posakhalitsa kunayamba kubwera azibambo ena a ku Malawi okhala ku Wigston, okonda za chipani. Chisankho cha kumudzi chinali pafupi, ndipo ankati anthu a m'dera lathu akufunsabe za bwana majisitireti. Bambo akamva dzina limeneli msana wawo unkawongoka. Mayi ankawapatsa tiyi alendowo, koma akangochoka m'nyumba munkabuka mkangano. Mayi ankati anapirira kale kugwa kumodzi ndipo sangapirirenso kwina. Bambo ankati sanaphunzire malamulo kuti adzafere pa makatoni.

Lamlungu lina titangochokera kutchalitchi, bambo ananditembenukira mayi ali pomwepo.

"Tamanda, wawerenga mbiri ya jaji uja. Tauze amayi ako, iye akanatani?"

Onse awiri ankandiyang'ana. Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikachita mantha, kuti jajiyo anayesanso kachiwiri, chifukwa ndi zimene zinalembedwa. Mayi anadzuka n'kupita kukasita yunifomu yawo.

Bambo ananyamuka kupita ku Malawi m'nyengo yozizira. Anagwa pa mapulaimale a chipani, dzina lawo silinafike n'komwe pa pepala lovotera. Sanabwerere. Poyamba ankati akukonza zinthu zina, kenaka mafoni anayamba kutalikirana. Mayi anawonjezera mashifiti, ndipo ine ndinaphunzira kukatenga mng'ono wanga kusukulu pa basi.

Ntchito ya jaji ija ndinakhoza bwino. Patapita nthawi mayi anaipeza m'chikwama changa, n'kuiwerenga ataimirira kukhitchini.

"Nanga mkazi wake ali pati?" anandifunsa. "Ana ake ankawalera ndani?"

Ndinabwereranso ku zonse zimene ndinawerenga. Munali maudindo, zaka, tsiku limene anamwalira ndi kumene anaikidwa. Za a pakhomo pake munalibe ngakhale mzere umodzi.

Lero ndakula, ndipo bambo sindiwada. Ndikudziwa mmene zimawawira kwa munthu amene anthu ankamuimirira akamalowa m'khoti kuti azilamulidwa kuweyahausi ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake. Koma ndikamawerenga mbiri ya munthu wotchuka, ndimayamba ndafufuza amene anatsala kunyumba. Kawirikawiri sindiwapeza, ngakhale ndikudziwa bwino kuti analipo.